Funsani Amisiri: nkhani ya guluu mkati mwa ampu

Mwezi uno mafunso a guluu wa mkati mwa ampu, makina okuzira mawu aja, achuluka zedi moti ndangowaunjika pamodzi kuti tithane nawo kamodzi. Ena ndawafupikitsa, musadandaule, mfundo yanu sindinaitaye. Amene munafunsa za ma inverter dikirani kope lotsatira.

FUNSO: Amisiri, ndili ndi ampu yakale ya ku Japan yomwe madala anga anabwera nayo kuchokera ku Joni kalekale, imalira bwino kuposa zatsopanozi koma masiku ano ndikayatsa relay, kaswitchi kolumikiza masipika kaja, imachedwa kudina, pena sidina nkomwe makamaka kunja kukakhala mvula, ndipo mbali imodzi imangoti thethethe olo volume ili pansi. Ndatsegula ndapeza makapasita akuluakulu ndi ena ang'onoang'ono atulutsa zinthu zabulawuni zouma gwa m'munsi mwake. Mnzanga akuti onse aphulika ndigule atsopano. Nditani? Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Achimwene, musathamangire ku shopu kaye. Mmene mwafotokozeramu ine ndikukaika kuti amenewo ndi madzi a mu kapasita, kachitini kosunga magetsi kaja. Ameneyo ndi guluu, anamuika dala ku fakitale kuti makapasita asamagwedere ampu ikamanyamulidwa. Ali watsopano amakhala wachikasu komanso wofewa, koma zaka zikamapita ndi kutentha kwa mkatimo amada, kusanduka bulawuni, pena mpaka bii, nkuuma gwa. Nde akafika pamenepo amayamba ntchito ziwiri zoipa, amadya chitsulo chilichonse chomwe wakhudza komanso amayamba kudutsitsa magetsi pang'onopang'ono, zomwe guluu sayenera kuchita olo pang'ono.

Anthu okonza zinthu zakale amamudziwa bwino guluu ameneyu. Makampani ambiri a ku Japan ankamugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo ampu ya Sansui AU-717 inatchuka naye kwambiri moti ena amangoti guluu wa Sansui, chonsecho amapezekanso m'mawailesi, ma TV ndi ma power supply a makampani ena ambirimbiri. Amapangidwa kuchokera ku labala wa neoprene, uja anatulukira a kampani ya DuPont mu 1930, ndipo mkati mwa labalayo muli chlorine. Labala akamaphwanyika ndi kutentha chlorine uja amamasuka, akakumana ndi chinyezi cha mumpweya pamabadwa asidi. Ndi chifukwa chake ampu yanu imavuta kwambiri nthawi ya dzinja, guluu woumayo amayamwa chinyezi nde kutayikira kwa magetsi kumakula. Mbali yoyamba ya ampu, komwe mawu amalowera, imagwira ntchito ndi timagetsi tochepa kwambiri, kotero kutayikira kochepa komweko ndi kokwanira kusokoneza zinthu mpaka DC, magetsi oyenda mbali imodzi omwe amawotcha sipika, kutulukira ku masipika. Relay ikamakana kudina ikuchita ntchito yake, ikuteteza masipika anu, musaidumphitse ndi waya ngati mmene ena amachitira, mudzawotcha sipika.

Kuti mutsimikize yang'anani bwino pomwe zabulawunizo zili. Guluu amakhala m'mbali mwa kapasita atakwera pathupi pake, zooneka kuti munthu anachita kupaka, ndipo mumupezanso pa zinthu zomwe mkati mwake mulibe madzi, pa ma coil, pa mawaya, pa ma connector. Kapasita yomwe yatulutsadi madzi imatupa pamwamba pomwe pali mizere ya X kapena K, kapena kalabala ka pansi kamasuzumira kunja, ndipo mukagunditsa soldering iron pa zotulukazo fungo lake ndi la nsomba. Mutha kuyezanso ndi mita, muike pa ohms yapamwamba penipeni, monga 20M, nkubaya guluu wakudayo ndi ma probe awiri moyandikana osakhudza chitsulo. Ikawerenga nambala iliyonse ndiye kuti guluuyo akudutsitsa magetsi, mlandu watha. Koma ikapanda kuwerenga musati ndiye ali bwino, mita imayeza ndi ma volts ochepa kwambiri pomwe mu ampu muli makumi angapo.

Musanagwire chilichonse zulani pulagi nkuyeza ma volts pa makapasita akuluwo. Ampu zotere zimasunga 40 kapena 50 volts mbali iliyonse, zikuluzikulu za pa zinkhoswe zimafika 80 nkupitirira, ndipo magetsiwo amakhalamo olo mwazimitsa. Atsitseni ndi rezista ya 1k ya ma watts 5, osati zogunditsa sikuludiraiva kuti phaa zija, zimenezo zimaononga kapasita komanso tizitsulo totentha timatha kukuthethekerani m'maso.

Kenako ntchito yotopetsa, kupala. Palibe mankhwala omwe mungangothira guluuyo nkusungunuka yekha, pamafunika kamtengo ka nsungwi kosongola, kuleza mtima ndi kuwala kokwanira. Wouma kwambiri amathetheka yekha, wofewayo ndi amene amavuta. Isopropyl alcohol amathandiza kutsuka zotsalira. Acetone amafewetsa guluu msanga koma amadyanso pulasitiki ndi kachikopa kokuta kapasita, nde muzipaka ndi kathonje pamalo pokhapo, osathira. Kachipangizo kalikonse komwe guluu anakakhudza mukayang'ane miyendo, marezista, ma diode, timatransista, ngakhale timawaya todumphira pamwamba pa bolodi. Mwendo ukakhala wobiriwira kapena wakuda sinthani basi, olo mita ikuti kali bwino, chifukwa miyendo ina imakhala yadyeka mkati yangotsala pang'ono kuduka, mukangoigwedeza ndi chala imathothoka. Muchotsenso guluu yemwe akadali wachikasu, nayenso ulendo wake ndi womwewo.

Mukamaliza muyatse kudzera pa babu la filament la 60 kapena 100 watts lolumikizidwa mu series, kutanthauza kuti magetsi adutse kaye pa babulo asanafike ku ampu, ngati mungalipeze masiku ano a ma LED, ndipo musanalumikize masipika yezani DC potulukira. Ikakhala pansi pa 50 millivolts zili bwino. Za makapasita, mnzanuyo sananame kwathunthu, a zaka zoposa 40 mwina atopadi ndipo kuwasintha si kulakwa, koma muwayeze kaye, musataye abwinobwino chifukwa cha guluu nkukagula ena okaikitsa pa msika. Ndipo chonde musabwezeretsemo guluu wa nsapato uja wachikasu wonunkha, ambiri a mtundu umenewo ndi a neoprene yemweyo. Ampu yongokhala pa shelefu pabalaza timakapasita tating'ono sitifunanso guluu nkomwe, mtovu wowotcherera miyendo uja ndi wokwanira.

FUNSO: Ine ndimayang'anira zokuzira mawu ku tchalitchi kwathu. Tili ndi sipika yokhala ndi ampu mkati momwemo, kapasita yake yaikulu inathyoka mwendo, titasintha ndinamata ndi silikoni wa mawindo wogula ku hardware kuti isagwederenso. Tsopano ndatsegula ndapeza miyendo ya zinthu zoyandikana ikubiriwira. Kodi silikoni si labala chabe? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, maganizo omata anali abwino ndithu. Ampu yomwe imakhala m'bokosi limodzi ndi sipika imagwedezeka nthawi zonse bass ikamagunda, ndipo kapasita yaikulu yongoimira timiyendo tiwiri mapeto ake mtovu umang'ambika kapena mwendo kuduka, mmene zinakuchitikiranimo. Chomwe chinalakwika ndi mtundu wa silikoni.

Silikoni akauma ndi labala wabwino zedi, sadutsitsa magetsi, amapirira kutentha mpaka cha m'ma 200 degrees, ndipo amakhala wofewa nde amameza kugwedera. Nkhani ili pa zomwe amatulutsa akamauma. Silikoni wa mu chubu amauma pokoka chinyezi mumpweya, ndipo pochita zimenezo amalavula kanthu kena. Wotchipa uja wa mawindo ndi ku bafa nthawi zambiri amalavula acetic acid, asidi yemweyo wa mu viniga, nchifukwa chake mukangotsegula chubu fungo limakulasani m'mphuno. Pa galasi asidiyo alibe vuto, amauluka. Koma pa mkuwa ndi pa mtovu amadya, makamaka mukamata nkutseka bokosi nthawi yomweyo, nthunzi ija imasowa kotulukira nde imangozungulira mkatimo kunyambita chilichonse. Zobiriwira mukuonazo ndi mkuwa womwe wadyedwa.

Wofunika ndi yemwe pa chubu alemba kuti neutral cure, kutanthauza kuti satulutsa asidi akamauma. Koma nawonso alipo awiri, ndipo apa ambiri sadziwa. Wina ndi oxime, ameneyu sanunkha viniga koma m'malo otsekeka amathabe kudetsa mkuwa akamauma. Wina ndi alkoxy, amatulutsa alcohol basi, ndipo ndi amene amapangira zamagetsi. Mayina odziwika ndi DOWSIL 3145 ndi RTV162, koma amenewo ndi odula komanso ovuta kupeza. Amisiri ambiri amagwiritsa ntchito woyera uja wa ku China wolembedwa 704, monga Kafuter K-704, amagwira ntchito bwino ndipo mtengo wake ndi wa anthu. Wa gasket wa galimoto musangoti poti ndi wa injini ndiye ndi wabwino pa zonse, ena mwa ofiira aja ndi a asidi, werengani chubu ndipo nunkhizani. Ngati mukukaikabe, palani kawaya ka mkuwa kawale, pakani silikoniyo, ikani m'kabotolo nkutseka masiku angapo. Kawayako kakada kapena kubiriwira ameneyo akamatire mawindo.

Panopa chotsani wakaleyo. Ubwino wake silikoni amadulika ndi lezala nkusendeka, ndipo akauma kale asidi amakhala watha, kuonongako kunachitika masiku oyambirira. Tsukani zobiriwirazo ndi isopropyl ndi mswachi wakale, sinthani zomwe miyendo yake yadyeka, wotchereraninso mtovu pamalo onse okaikitsa. Pomata watsopano musachite kumiza kapasita yonse. Timadontho tiwiri kapena titatu m'munsi kulumikiza thupi la kapasita ndi bolodi, ndipo ngati makapasita ali awiri moyandikana kadontho kena pakati pawo chakumtunda kuti azigwirana. Pamwamba penipeni pomwe pali X paja musapakepo, pamenepo ndi pomwe kapasita imang'ambikira bwinobwino ikafuna kuphulika, mukatseka imakaphulikira kwina mwamphamvu. Osapakanso pa marezista akuluakulu otentha, amafuna mpweya. Silikoni amauma kuyambira kunja kulowa mkati, pafupifupi mamilimita 2 kapena 3 pa maola 24, nde chibulunga chachikulu kunja chimaoneka chauma mkati muli phala. Siyani bokosi lotsegula tsiku lathunthu kapena awiri. Ntchito imeneyi si ya Loweruka usiku pomwe mawa lake kuli mapemphero.

FUNSO: Bwana amisiri, ine ndi DJ, ndimayenda ndi ampu zanga pa lole m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Chilichonse chogwedera ndimamata ndi makandulo a glue gun chifukwa amauma msanga. Koma ndikatsegula ndimapeza guluu wayenderera wapita kwina, coil ili lendelende. Ndikugula makandulo a feki kapena? DJ wa ku Nchalo.

YANKHO: Aise, makandulowo si a feki, akungochita zomwe anapangidwira, kusungunuka akatentha. Makandulo wamba oyera aja ndi pulasitiki ya EVA, gun imawasungunula pa 120 mpaka 190 degrees malinga ndi mtundu wake, koma kufewa amayamba kale cha m'ma 60 mpaka 80. Tsopano inu muli ku Chigwa cha Shire komwe mwezi wa Okutobala mpweya weniweniwo umapitirira 40, ampu ili mu rack padzuwa, ikugunda kuyambira m'mawa mpaka usiku, heatsink, chitsulo chochotsa kutentha kwa matransista, ikufika 70 mosavuta. Guluu wotere angalimbe bwanji pamenepo. Chimodzimodzi amene mumaika ampu m'buti ya galimoto kapena pansi pa mpando wa minibasi.

Sikuti hot glue ndi woipa paliponse ayi. Sadya mkuwa, sadutsitsa magetsi, ndipo amachoka mosavuta, mukadonthezera isopropyl m'mphepete mwake amangosomphoka yekha osasiya kanthu. Pogwira timawaya ta kutsogolo kwa ampu, pa connector kuti isazuke, pa ka LED, pamenepo ndimamulola. Koma pafupi ndi heatsink, transifoma, marezista akulu kapena ma coil a ku output a ampu za class D, omwe amatentha okha, ikani silikoni wa neutral ndanena pamwambapa. Alipo makandulo ena a polyamide, nthawi zambiri achikasu kapena akuda, omwe amapirira kutentha kwambiri, koma mtundu wokha si umboni, funsani wogulitsa akuonetseni paketi.

China, kwa munthu woyenda m'misewu ya mabampu ngati inu, zinthu zolemera guluu payekha sangazigwire. Coil yaikulu imangeni ndi cable tie kudutsa pa bolodi ngati pali mabowo, guluu angothandizira. Ndipo musanamate yang'anani mtovu kunsi kwa bolodi ndi galasi lokuza. Chinthu chikayamba kugwedera nthawi zambiri mtovu wake umakhala wang'ambika kale, pamaoneka kamzere kozungulira mwendo. Mukamata pamwamba osawotcherera pansi mwangobisa matenda, idzakuzimirani mkwati akuponya sitepe pa perekaniperekani.

FUNSO: Supaguluu wosakaniza ndi soda amalimba kwambiri, ndimakonzera mahedifoni ndi ma remote. Ndingamatire makapasita? Mnyamata wa ku Mzuzu.

YANKHO: Ayi mphwanga. Kulimbako ndiye vuto lake, alibe kufewa kulikonse, nde pa chinthu chogwedera amangothetheka, kapena amagwira kachikopa ka kapasita kokha kapasitayo nkumavina mkati. Akatentha kupitirira cha m'ma 80 degrees mphamvu zake zimatsika. Ndi wamadzimadzi, amayenderera kulowa mu volume control, m'ma switch ndi m'ma socket, ndipo nthunzi yake imasiya zoyera pa zitsulo zogundana mawu nkumadukaduka. Choopsa kwambiri, tsiku lomwe wina adzagunditse soldering iron pamenepo utsi wake umalasa m'maso ndi m'mphuno koopsa. Soda naye akanyowa amadutsitsa magetsi, ndipo sikuti yense amamezedwa ndi guluu, wina amatsalira pa bolodi. Pa kapulasitiki kothyoka ka kunja, ka knob kapena pomangira sikuluwu, pitirizani. B-7000 wa okonza mafoni uja nayenso msiyeni ku ma screen, si wa malo otentha.

FUNSO: Ndasintha matransista a 2SC5200 ndi 2SA1943 koma bowo limodzi la pa heatsink mazinga ake atha, sikuluwu ikungozungulira. Ndikuganiza zongomata transistayo ndi Pratley. Komanso phala loyera lija landithera, ena akuti Colgate amagwira ntchito yomweyo. Zoona? Wophunzira ntchito wa ku Mchesi.

YANKHO: Zonse ziwiri ayi, ndipo bola mwafunsa musanayatse. Phala loyera lija si guluu, ntchito yake si kumata. Ndi mafuta a silikoni osakaniza ndi ufa wa zinc oxide, ndipo amangodzaza timaenje tosaoneka ndi maso pakati pa msana wa transista ndi heatsink kuti mpweya usatsalemo, chifukwa mpweya sudutsitsa kutentha. Chomwe chimagwira transista ndi kufinya kwa sikuluwu, ndipo kufinyako ndi komwe kumapangitsa phalalo kupyapyala mpaka kutentha kuzidutsa msanga. Nchifukwa chake kupaka lambiri si nzeru, pakani mopyapyala basi mbali zonse ziwiri za mica, kapepala kotchinga magetsi pakati pa transista ndi heatsink. Mankhwala otsukira mano muli madzi, tsiku loyamba zioneka ngati zatheka, akauma amasanduka choko, transista nkupsa, ndipo mu ampu transista sipsa yokha, imatenga anzake ndi ma driver omwe. Phala lenileni ndi lotchipa kuposa transista imodzi, okonza makompyuta amakhala nalo. Mungopewa lomwe muli zitsulo monga silver kapena lamadzi lonyezimira lija, loyera wamba ndi lokwanira.

Pratley Putty ndi chinthu chabwino pa ntchito yake. George Pratley anachipanga ku South Africa m'zaka za m'ma 1960 pofuna chogwirira ma terminal m'mabokosi a magetsi, nde kutsekereza magetsi amatsekereza ndithu. Koma epoxy wamba sadutsitsa kutentha bwino, mukaika pakati pa transista ndi heatsink mwaifunditsa bulangete. Kuonjezera apo transista ndi chinthu chomwe chimafa nkusinthidwa, mukaimata ndi epoxy wodzakonza mawa adzachita kusema ndi tchizulo. Lamulo langa pa epoxy mkati mwa ampu ndi loti apite pokhapo pomwe sipadzafunikanso kumasula, monga kona ya bolodi yothyoka kapena kapulasitiki ka terminal ya sipika, ndipo wosakaniza ndi ufa wa chitsulo uja asayandikire ma coil ndi njira za magetsi.

Bowo lakutha mazingalo boolani lidutse mpaka kuseri muike bawuti ya M3 yaitali ndi nati. Ngati kuseri kuli zipsepse za heatsink moti nati singalowe, dulani kachitsulo kolimba kapingase pamwamba pa transista, kamangidwe ndi masikuluwu awiri m'mbali. Mica musaiwale, msana wa 2SC5200 ndi collector, wolumikizana ndi mwendo wapakati, ndipo uli ndi ma volts onse a power supply. Mukamanga yezani ndi mita pakati pa mwendo wapakati ndi heatsink, pasakhale kulumikizana. Tinthu ting'onoting'ono monga IRFZ44N wa mu ampu za galimoto, pomwe sikuluwu imadutsa pa chitsulo chenicheni, timafunanso kawashala ka pulasitiki. Muonenso katransista kakang'ono ka bias komwe kamakhala kogundana ndi heatsink. Kameneko kamamva kutentha nkuchepetsa magetsi opita ku matransista akulu, nde ngati kanamatidwa ndi guluu ku fakitale ndipo kasomphoka, ampu imangotentherabe mpaka kupsa olo sikulira. Kabwezereni ndi phala ndi kachitsulo kokafinya.

FUNSO: Transifoma ya ampu yanga imalira mmmmm ngakhale masipika nditazula. Ndithire guluu wanji kuti ikhale chete? Masikuluwu nawonso amamasuka okha. Bambo wa ku Zomba.

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kuzula masipika, zatithandiza kudziwa kuti kulirako ndi kwa chitsulo osati kwa mu mawu. Magetsi athu ndi 230 volts pa 50 Hz, ndipo chitsulo cha transifoma chimafutukuka nkubwerera kawiri pa kuzungulira kulikonse, nde kulira mukumvako ndi kwa 100 Hz. Transifoma iliyonse imachita zimenezi pang'ono, zimamveka kwambiri timapepala tachitsulo tija tikamasukirana kapena vanishi wa ku fakitale akatha. Yambani ndi kumanga mabawuti ake anayi ofinya timapepalato ndi omwe amaigwira ku bokosi, muike timalabala pansi, nthawi zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika pitani nayo kwa omanga ma mota, ali ndi vanishi wa mawaya, aiviike, idonthe, iume bwinobwino. Vanishi ndi wamadzi nde amalowa m'mipata, pomwe silikoni kapena hot glue angokhala pamwamba nkutsekereza kutentha. Vanishi wa matabwa ayi. Koma ngati ikutentha kwambiri isakugwira ntchito kapena ikununkha kupsa, mawaya agundana mkati, imeneyo ikufuna kumangidwanso. Muonenso ngati imalira pa jenereta kapena pa inverter yotchipa pokha, magetsi a zimenezo sakhala osalala ndipo transifoma yabwinobwino imatha kulira nawo.

Ikakhala yozungulira ija ya toroidal samalani ndi bawuti ya pakati. Isamangidwe mopitirira mpaka kufinya mawaya, ndipo mutu wake usakhudze chivundikiro cha pamwamba, chifukwa bawutiyo ikagunda bokosi pansi ndi pamwamba pomwe imasanduka waya wozungulira kamodzi wa shoti, imatentha koopsa.

Za masikuluwu, guluu wogwira mazinga wa Loctite 243 wabuluu kadontho kamodzi pa mazinga, ameneyo amamasuka ndi sipanala wamba. Wofiira monga 271 musayerekeze, kuti amasuke amafuna kutenthetsa pafupifupi 250 degrees. Onsewa ndi a chitsulo pa chitsulo, akagwera pa pulasitiki ya ABS imang'aluka. Pa masikuluwu ang'onoang'ono ndi pa ma preset, timarezista totchunira tija, mukamaliza kutchuna bias, kadontho ka kyuteksi pambali ndi kokwanira, ndipo mukadzatsegulanso mudziwa ngati wina anagwirapo. Pa sikuluwu ya waya wa earth musapake chilichonse pansi pake, pamenepo chitsulo chigundane ndi chitsulo, muike washala wa mano.

FUNSO: Kuno kunyanja chinyezi ndi mphemvu zandithera ma ampu awiri pa bala yanga. Ndikufuna nditseke mabowo onse ndi silikoni. Mwini bala wa ku Nkhata Bay.

YANKHO: Akulu, mukatseka mabowo mphemvu zisowadi polowera koma ampu ifa ndi kutentha sabata isanathe. Makapasita moyo wawo umadulidwa pakati kutentha kukakwera ndi 10 degrees, ndipo ambiri analembedwa 85 kapena 105 pathupi, matransista ndiye sadikira nkomwe. Mabowowo aphimbeni ndi sefa ya waya ya pa mawindo yotchinga udzudzu, muimate chamkati m'mphepete ndi silikoni wa neutral, nkumaipukuta fumbi pafupipafupi chifukwa ikatsekeka ndi chimodzimodzi mwamata.

Bolodi lenilenilo litetezeni ndi conformal coating, mankhwala okuta bolodi ngati vanishi, wa acrylic wopopera ndi wosavuta ndipo soldering iron imadutsa pa iye mukafuna kudzakonza. Koma litsukeni kaye ndi isopropyl mpaka ndowe za mphemvu zonse zichoke, liume ndithu, apo ayi mutsekera chinyezi ndi asidi mkati. Petulo ndi thinner asayandikire. Phimbani ndi tepi ma connector, ma fuse holder, ma volume control, ma preset, relay yosatsekeka ndi pomwe matransista amagundana ndi heatsink musanapope. Popani mopyapyala kawiri, kudikira koyamba kuume. Mankhwala opopera mphemvu musapopere mkati mwa ampu, ena amayaka moto ndipo amasiya mafuta ogwira fumbi, ikani mankhwala a nyambo pansi pa shelefu, ndipo ampuyo ichoke pafupi ndi pomwe mumasunga mabotolo otha.